Foni ya Rozina Inkaitanabe

Kwathu ku Mphunzi aliyense amadziwa kuti foni ndi madzi sizionana. Mvula ikayamba timaikulunga m'kapepala ka shuga n'kuibisa m'thumba lamkati. Ikangogwera mu ndowa, basi, yafa. Yanga yoyamba inafa choncho. N'chifukwa chake madzi atasefukira ku Chikwawa, kumene anakwatiwa mwana wathu Rozina, ine ndi mkazi wanga Nabanda tinatsamira pa chinthu chimodzi: foni yake inkaitana.

Linali Lamlungu. Tikuchokera ku tchalitchi tinamva pa wailesi kuti Shire wasefukira ndipo midzi ina yakokoloka. Anatchula dera limene Rozina ankakhala ndi apongozi ake aakazi pamodzi ndi kamwana kake koyamwa. Mwamuna wake, Fanuwelo, amagwira ntchito ku Joni. Nabanda anaimba pomwepo. Inaitana mpaka kudula yokha. Anaimbanso, inaitananso.

"Mwamva?" anatero. "Ikanakhala m'madzi ikanaitana?"

"Ayi."

"Ndiye ali pouma. Waisiya m'chikwama, akuthandiza anzake. Mumam'dziwa mwana wanu."

Madzulo azimayi a m'mudzi anayamba kubwera mmodzimmodzi. Ankangokhala pakhonde, miyendo atatambasula, osalankhula. Wina atayamba kufwenthera, Nabanda anatuluka, anaimba nambala ya Rozina, n'kukweza mawu a foni kuti onse amve.

"Pano palibe maliro," anatero. "Mvetserani nokha. Kazipitani mukaphikire ana."

Anabalalika mwamanyazi. Fanuwelo sitinam'peze, pakuti nambala zake amasinthasintha. Ndinaganiza zopita ndekha.

Lolemba ndinalawirira. Nabanda anandilongedzera mbatatesi yophika, bulangete, chitenje chatsopano ndi kajuzi ka mwana. "Mukam'peza mum'kalipire," anatero. "Foni saitaya choncho anthu akukufuna."

Wakabaza wa njinga yamoto anakweza mtengo, akuti chifukwa cha matope. Sindinalimbane naye. Pa dambo njinga inaterereka, tonse tinagwera kumbali, ndipo ndinafika pa msewu wa tala buluku langa lili lofiira mbali imodzi. Minibasi inandisiya pa Dedza boma chifunga chisanachoke. Basi ya ku Blantyre inachedwa, ndipo inabwera itadzaza kale. Ndinapeza malo kumbuyo, pafupi ndi zenera losatsekeka bwino.

Amene anakhala kuzenerako anali bambo wonenepa wovala kachipewa koyera. Anadzitchula kuti Che Amidu. Ali ndi sitolo ya mafoni ndi matchaja pa boma, ndipo ankapita ku Limbe kukaoda katundu. Anali munthu wokonda kucheza. Tisanafike pa Lizulu anali atandiuza kale za ana awo onse ndi matenda a bondo lawo. Ine ndinangonena kuti ndikukaona mwana ku Chikwawa.

Pa Lizulu basi inakweza matumba a kabichi ndi madengu a tomato mpaka m'kanjira munalibe popondapo. Titapitirira pang'ono tinapeza mzere wa magalimoto. Lole ina inali itagwa chopingasa msewu. Dalaivala anazimitsa injini. Mvula inayambiranso.

Tinakhala pamenepo nthawi yaitali. Ana analira, natopa, nagona. Abambo ena anatsika kukaona loleyo n'kubwerako atanyowa, aliyense ndi nkhani yake ya mmene inagwera. Ine ndinadya mbatatesi imodzi. Ndinaimbira Rozina kamodzi. Inaitana. Mtima unakhala m'malo.

Kenaka ndinaona kuti madzi a pazenera akudonthera foni ya Che Amidu imene inali pamwendo pawo.

"Achimwene, foni yanu ikunyowa."

Anaseka. "Isiyeni isambe."

Ndinaiyang'anitsitsa. Inali yaitali, yakuda, ya timaso titatu kumbuyo. Ndinaizindikira, pakuti Rozina atabwera pa Khirisimasi anatijambula nayo yotere.

"Ngati imeneyi ili ndi mwana wanga," ndinatero. "Anam'tumizira mwamuna wake ku Joni."

"Ndiye mkamwini wanu amadziwa zinthu. Iyi silowa madzi."

Mayi wina wa tomato amene anakhala kutsogolo kwathu anatembenuka. "Bodza ilo! Amalonda inu, ngakhale mbuzi yakufa mumati yangogona."

Basi yonse inaseka. Che Amidu sanakhumudwe. "Mayi, ndibwerekeni bakuli lanulo. Mwamaliza kudya, si choncho?"

Anathira madzi a m'botolo m'bakulimo mpaka kudzaza. Anatenga foni n'kuimiza yonse. Mayi uja anagwira pakamwa. Che Amidu anatchula nambala yawo kwa kondakitala n'kumuuza kuti aimbe.

Foni inayaka pansi pa madzi. Kenaka inalira. Mawu ake anali ngati a munthu wolankhula atafunda bulangete, koma ankamveka bwinobwino, ndipo pamwamba pa madzi pankanjenjemera.

Anthu anaimirira kuti aone. Ena anaomba m'manja. Mkulu wina anakuwa kuti, "Ibatizeni kumene, a Shehe, ikhale ya mpingo wathu!" Kuseka kunachita kugwedeza basi.

Ine sindinaseke. Ndinkangoyang'ana m'bakulimo.

Che Amidu anali akufotokoza monyadira. Anati mafoni oterewa amawamata ndi guluu m'mphepete monse, ndipo pa mabatani ndi polowera simukhadi amaikapo timphira totseka. Pa timabowo totulukira mawu pali kansalu kopyapyala kamene kamalola mawu kudutsa koma madzi ayi. Anati opanga amangolonjeza kanthawi kochepa m'madzi oyera osazama, koma iwo, Che Amidu, anaonapo ina itagona m'ngalande n'kudzuka ili moyo.

"Koma ikangotsegulidwa ndi okonza, kapena ikang'aluka, ulemu watha," anatero. "Imamwa madzi ngati ina iliyonse. Ya mwana wanuyo inakonzedwapo?"

"Ayi. Ndi yatsopano."

"Ndiye ingalire ngakhale mu mtsinje." Apo m'pamene anandiyang'ana kumaso. "Bwanji achimwene? Mwadwala?"

Ndinawauza. Ndinalankhula motsitsa, koma mayi wa tomato anamva, ndipo anauza mnzake. Kuseka kunazima mpando ndi mpando mpaka kutsogolo. Che Amidu anavuula foni ija msangamsanga, anaipukuta ndi malaya, n'kuibisa m'thumba ngati chinthu chakuba.

"Pepani," anatero. "Sindimadziwa."

"Ndiuzeni zoona. Ikamaitana, ndiye kuti chiyani?"

Anaganiza kaye. "M'madzi akuya netiweki siifika. Ngati ikuitana, ili chapamwamba. Mwina m'matope. Mwina pamene madzi aphwa."

"Kapena m'manja mwa munthu."

"Kapena m'manja mwa munthu," anavomera, koma maso ali pansi. Patapita kanthawi anafunsa, "Akuiimbira ndani?"

"Mayi ake. Sakupuma."

"Auzeni asiye. Batire ingathe. Mukafika kumeneko mudzafuna kuti ilire."

Ndinamva chimene ankatanthauza. Munthu amene wakwiririka m'matope saitana. Foni yake ndiyo ingaitane.

Ndinatsika m'basi, ndinaima kuseri kwake kumene mvula sinkafika kwambiri, ndinamasula kapepala ka shuga n'kuimbira Nabanda.

"Mwafika?" anafunsa.

"Ayi, tili cha ku Ntcheu. Anabanda, siyani kuimbira Rozina."

"Chifukwa?"

"Batire ingathe."

"Ikatha atchaja."

"Kulibe magetsi kumeneko."

Ndinkamva nkhuku zathu zikulira kumbuyo kwake.

"Bambo a Rozina, mwamva chiyani?"

"Sindinamve kanthu."

"Mawu anu si amenewo."

"Ndi kuzizira."

"Chabwino. Ndiziimba kamodzi m'mawa, kamodzi madzulo." Anadula. Ndinadziwa kuti sasunga mawu akewo.

Dzuwa litapendeka, lole ija anaikokera kumbali ndipo tinanyamuka. Ntcheu, Chingeni, sindinaone kalikonse. Pa Zalewa tinatsika kuti apolisi aone katundu, ndipo pamlatho ndinaona Shire. Anali wofiira, wotupa, atanyamula mitengo yathunthu ndi mizu yomwe. Ndinaganiza kuti madzi onsewa akupita kumene kuli mwana wanga.

Tinalowa mu Blantyre kutada, maminibasi a ku Chikwawa atasiya kale kuyenda. Che Amidu anakana kuti ndigone pa depoti. Ananditengera kwa mlamu wawo ku Limbe. M'mawa anandiperekeza kokwerera n'kundipatsa kabokosi kosungira moto wa foni.

"Kameneka n'ka foni yanu, isakuthereni panjira. Mudzabweza mukamadutsa pa boma. Koma ya mwanayo mukaipeza musaitchaje. Kabowo kake kayambe kauma, apo ayi mudzaiotcha."

Anati "mukaipeza." Sanati "mukam'peza." Ndinazimva, nawonso anadziwa kuti ndazimva. Anandigwira dzanja ndi manja awiri.

Minibasi inadzaza ndi anthu onga ine. Aliyense anali ndi thumba la ufa kapena mtolo wa zovala, ndipo aliyense anali ndi foni m'manja. Mayi wina pafupi nane ankangobwereza kuti ya mchimwene wake siikupezeka. Anandifunsa za ine. Nditamuuza kuti ya mwana wanga ikuitana, anati, "Inu ndiye muli ndi mwayi."

Potsika mapiri a ku Thabwa, pa khona lina chigwa chonse chinaonekera. Kunalibe minda. Kunali madzi okhaokha ndi nsonga za mitengo. Mayi uja anayamba kulira. Ine ndinavula jekete, pakuti kutentha kunali kutayamba.

Tinaoloka mlatho wa Shire pang'onopang'ono. Tisanafike pa Nchalo dalaivala anaima n'kutiuza kuti ulendo wake wathera pomwepo. Msewu unali utaduka, madzi akudutsa pamwamba. Anthu anakangana naye kuti abweze ndalama ina, iye anakana, ine ndinangotsika. Amuna akomweko anali atamanga chingwe tsidya ndi tsidya. Ndinapinda buluku, chikwama pamutu, foni yanga m'kapepala kake pansi pa chipewa. Madzi anafika m'chiuno. Nsapato imodzi inatsala m'matope, ndinachita kuifufuza ndi phazi.

Kutsidya ndinakwera njinga yakapalasa mpaka pa sukulu ina pamene panasonkhana anthu othawa madzi. Ndinalowa kalasi ndi kalasi. Ndinayang'ana mayi aliyense wobereka mwana. Rozina panalibe.

Pabwalo ndinafunsa ngati pali wa m'mudzi wa asewere anga, ndiye kuti mayi ake a Fanuwelo. Anandilozera bambo wina wamtali, wa imvi, dzina lake a Thomu. Anali ndi bwato, ndipo nyumba yawo inali yoyandikana ndi ya asewere.

"Ndinu bambo ake a mtengwa wa ku Dedza uja?" anafunsa. "Khalani pansi."

"Ndiima."

"Asewere anu tinawapeza dzulo, kumunsi, m'bango. Taika kale. Sakanadikirika."

Ndinakhala pansi.

"Nanga mwana wanga?"

"Sitinamuone. Iye ngakhale khanda. Nyumba palibe."

Ndinawauza za foni. Poyamba sanakhulupirire. Anati mafoni onse a pamsasapo anafa tsiku lomwelo, n'chifukwa chake palibe amene akuimbira abale. Ndinaimba, n'kuwapatsa kuti amve. Anamvetsera, anandibwezera, n'kuitana amuna ena awiri. "Tengani makasu," anatero.

Tinapalasa bwato podutsa pamene kale panali minda ya chimanga. Pamene madzi anathera tinatsika n'kuyenda m'matope ofika m'maondo. A Thomu anaima pamalo ena pamene panalibe chilichonse koma njerwa zingapo ndi mtondo wosinjira utagona chammbali.

"Pano ndiye panali pakhomo," anatero. "Imbani."

Ndinaimba. M'khutu mwanga inaitana. Ndinachotsa foni kukhutu. Tonse tinaima chilili, osapuma n'komwe. Kunali zii, kupatula ntchentche.

Kenaka tinamva. Kanyimbo kakang'ono, kutali, chakumadzulo.

Tinalunjika komweko. Kanaleka. Ndinaimbanso, tinayendanso. Kanatifikitsa pa mtengo waukulu wa mango. Patsinde pake madzi anaunjika zinthu: bango, denga laudzu, nthambi, chitseko. Mulu wake unali wondipitirira msinkhu, ndipo unkanunkha. Kanyimbo kankachokera pamenepo.

Amuna aja anayamba kukumba. Ine ndinaima pambali. Ndinkangoimba, ikadula ndiimbenso, maso ali pa makasu. Khasu lililonse likatsika ndinkafuna kukuwa kuti pang'onopang'ono, mungam'pweteke.

"Taimani," anatero a Thomu. Anapendeketsa mutu. "Sikuchokera pansi."

Anakwera pamulupo n'kufikira nthambi yam'munsi. Panali chitenje chitakoledwa, chouma gwa ndi matope, moti tinkachiyesa khungwa. Pakona pake panali mfundo, mmene azimayi amamangira ndalama. Anamasula. Foni inali mmenemo, yamatope, ikuwala.

Ndinachidziwa chitenjecho. Anagula ndi Nabanda pa Lizulu.

Ndinapukuta galasi ndi chala. Panali mzere wautali wa mafoni osayankhidwa, pafupifupi onse olembedwa kuti Amayi. Chizindikiro cha batire chinali chofiira.

A Thomu anali atakwera m'mwamba. "Bwerani muone," anaitana. Sindinakwere mtengo kuyambira unyamata wanga, koma ndinakwera. Pa mphanda ya nthambi ziwiri panali nsalu ina, ya mbereko, itazengedwa kunthambi ndi mfundo yolimba. Nsonga zake zinali zoduka mowongoka.

"Uwu ndi mpeni," anatero a Thomu. "Madzi sadula chonchi. Anadzimangirira pano, ndipo wina anabwera kudzam'masula. Mfundo inakana, anadula."

"Wamoyo?"

"Sindingalumbire. Koma amabwato a tsidya lija dzulo amatsitsa anthu m'mitengo. Amawatengera ku tchalitchi cha pamtunda."

Ndili m'mtengo momwemo, foni ya Rozina inalira m'dzanja langa. Amayi. Ndinaiyang'ana. Ndikanayankha, Nabanda akanamva mawu anga pa foni ya mwana wake, ndipo akanayamba maliro pomwepo. Ndinaisiya ilire mpaka inaleka.

Tikutsika, tinamva kanyimbo kena. Sikanali ka Rozina. Kanali kosiyana, kofooka, ndipo aka kankachokeradi pansi pa mulu uja. Tinayang'anana. Amuna awiri aja anatolanso makasu awo.

"Inu tiyeni," anatero a Thomu. "Awa atsala."

Tinapalasa nthawi yaitali, madzi akutikankhira kumunsi. Tchalitchi chinali pa kachitunda, anthu ali mbwee panja ndi mkati. Sindinafunse aliyense. Ndinangoyenda pakati pawo.

Ndinam'peza atatsamira khoma lakuseri, atafunda thumba la ufa lopanda kanthu. Manja ake anali osupuka kuyambira m'zigongono. Milomo inali yong'aluka. Kamwana kanali pachifuwa, kakuyamwa.

"Ababa," anatero. Sanadzuke. Sanalire. "Mwabwera bwanji?"

"Pa basi."

Ndinam'funditsa bulangete lija. Ndinatulutsa kajuzi. Ndinam'patsa mbatatesi imene inatsala, anadya ndi makoko omwe. Kenaka anayamba kulankhula, maso ali kutali. Anati madzi anawadzidzimutsa ali m'tulo. Apongozi ake anam'kankhira m'mtengo, n'kum'patsira mwana, koma iwo nthambi inawapulumuka. Pokwera, chitenje chinakoledwa m'munsi, ndipo sakanatha kuchifikira popanda kusiya mwana. Atapulumutsidwa anafuna kutiimbira, koma nambala zonse zinali m'foni momwemo.

"Madzi ankachimiza chitenjecho n'kuchivuula," anatero. "Koma inkalira, ababa. Ndinkadziwa kuti ndi amayi. Tulo tikandigwira, manja akayamba kumasuka, inkaliranso. Ndinkati ndikagona, amayi andikalipira."

Ndinakumbukira mawu anga kuseri kwa basi ija. Ndinatulutsa foni m'thumba n'kuiika m'dzanja lake. Anaitembenuza uku ndi uku ngati sakuidziwa.

Sitinadikire nthawi yaitali. Inalira. Rozina anakanika kutsegula chifukwa zala zinali zotupa, ndinam'thandiza.

"Amayi."

Kenaka mawu a Nabanda anamveka mpaka kwa anthu oyandikana nafe. "Iwe! Foni sumayankha bwanji?" Atatero anayamba kulira, kulira kwenikweni kumene anakaniza azimayi aja pakhonde. Ali mkati molira, batire inatha.

Tinabwerera pang'onopang'ono, msewu atauthira miyala. Pa Dedza boma ndinatsika kukabweza kabokosi kaja. Che Amidu ataona Rozina ndi mwana kumbuyo kwanga, anatuluka m'sitolo wopanda nsapato.

Mpaka lero Nabanda amauza aliyense wobwera pakhomo kuti iye sanakayikepo, chifukwa foni ikamaitana ndiye kuti mwiniwake ali moyo. Za bakuli lija sindinamuuze. Akamanena choncho sindim'tsutsa. Ndimangokumbukira kanyimbo kena kaja, pansi pa mulu. Nakonso kanali ndi wina, kwinakwake, amene ankaimba n'kumauza anthu pakhonde kuti abalalike.